Nyemba Zinayi Zoonjezera

"Ankolo, mwandibera! Miyezi isanu yathunthu mwakhala mukundibera masanasana, ine n'kumakuthokozani ndi manja awiri!"

Ankolo a Lyson anali pansi pa galimoto ya kasitomala, kunja kukuoneka jombo zokha. Galaja yawo ili kuseri kwa mashopu a mu Lafayette Road ku Indianapolis, pakati pa Msomali wokonza mafoni ndi mayi wa ku Honduras wogulitsa buledi. Sindinanene odi. Sindinafunse kuti adzuka bwanji. Ndinangofika n'kumenya boneti ndi kabotolo kamene kanali m'manja mwanga.

Anatuluka chagada pa kathabwa kamatayala, nakhala tsonga, n'kuyamba kupukuta zala chimodzichimodzi ndi kansanza.

"Tusekele. Wayamba liti kulankhula ndi nsapato za anthu? Moni kaye."

"Moni ndamusiya ku South Bend. Werengani izi."

Ndinatsegula kabotolo kaja n'kukhuthulira nyemba pa boneti. Ndinaziika m'timilu, zisanuzisanu. Timilu tinayi. Pambali panatsala nyemba zinayi.

"Twente," ndinatero. "Nanga izi ndi za yani?"

Anaziyang'ana nthawi yaitali. Ndinkafuna adabwe. Ndinkafuna akalipe, anene kuti ndapenga, kapena kuti ndaziikamo ndekha. Koma anangopinda kansanza kaja bwinobwino n'kukaika pabondo, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti sindikulota.

Kusambira ndinadziphunzitsa ndekha. Ndinabwera ku America ndili ndi zaka 14 kuchokera ku Ntcheu, ndipo madzi ambiri amene ndinali nditalowamo anali a m'beseni. Nditamaliza sekondale ndinalowa ntchito yoyala mabedi pa hotela ina m'tauni mwa South Bend. Pansi pa hotelayo pali kadziwe kosambiramo, kakang'ono, kokhotakhota, koti ukamenya madzi kasanu wafika kale kukhoma. Kuyambira 12 koloko mpaka 3 simukhala munthu, chifukwa alendo akale apita ndipo atsopano sanafike. Bwana wanga anati ndikhoza kulowamo pa nthawi yanga ya lanchi, bola ndikolope ndikatuluka. Ndinkaika foni mu jumbo, kuonera vidiyo, kulowa m'madzi, kumwa madzi, kutuluka, kuoneranso. Mwezi woyamba dziwe lija ndinalimwa lonse, mwina kawiri.

Pa mavidiyo omwewo ndi pamene ndinaona ntchito ya asilikali apamadzi amene amadumpha mu helikopita n'kukavuula anthu pakati pa nyanja. Chimene chinandikoka si helikopita ayi. Pa hotela mashifiti abwino amapita kwa amene amaseka ndi supavaiza. Kusukulu ndikakweza dzanja ankandiuza kuti ndibwereze, Chingerezi changa sanachimve. Koma apa panali ntchito imene pakhomo pake palibe munthu, pali wotchi. Wotchi ilibe mnzake. Siidziwa kumene unabadwira.

A Dixon, bambo wolemba anthu usilikali, sanazungulire. Kuthamanga ndi mapushapu ndinali nazo kale. Chotsala chinali kusambira mayadi 500, chammbali kapena chachule, mphindi 12 zisanakwane. Anali ndi malo amodzi okha a mwezi wa Epulo, ndipo mnyamata wina wa ku Elkhart ankawafunanso.

"Pofika kumapeto kwa Malichi undiuze," anatero. "Ngati uli pansi pa 12, malowo ndi ako. Ngati ayi, usanditayitse nthawi, ndipereka kwa mnzakoyo."

Amayi atamva sanakalipe. Amayi anga, a Flora, agwira ntchito zaka khumi pa nyumba yosamalirako asilikali okalamba ndi ovulala. Anangoti, "Ine ndimawasambitsa anthu amenewo. Ndimadziwa zimene zimabwerako." Ankafuna ndikaphunzire unamwino ngati mwana wa a uje ndi mwana wa a uje. Tinakangana milungu itatu mpaka nkhani inafika kutchalitchi. Sabata lina titaweruka, pamaso pa a Edmond, mkulu wa mpingo wathu, ndi ankolo a Lyson amene anachita kubwerera nkhani yomweyo, pangano ndinalitchula ndine mwini. Ndinati wotchi iweruze. Ndikafika pansi pa 12 kumapeto kwa Malichi, amayi andidalitse ndipite. Ndikalephera, ndisayina fomu ya unamwino osanyinyirika. Ndinagwada ponena zimenezi. Amayi anati ameni. Ndinkadziona wochenjera zedi, poganiza kuti kwa nthawi yoyamba nkhani yanga yachoka m'manja mwa anthu.

Ogwira wotchi anasankhidwa ankolo. Ndi mlongo wa amayi bere limodzi, ndipo kumudzi anakhala zaka 12 m'gulu la asilikali apamadzi. Anali ndi mnzawo woyang'anira dziwe lina ku Speedway, dera la ku Indianapolis komweko, la mayadi 25, lomwe Lamulungu m'mawa simukhala anthu ambiri. Kuchoka khoma ili kukagwira linalo ndi ulendo umodzi. Maulendo 20, mayadi 500. Mwana wa sitandade 3 akhoza kuwerengera.

Lamulungu loyamba, ndikuliza galimoto, amayi anatuluka atavala chijasi pamwamba pa chitenje, m'manja muli kabotolo komwe kale kanali ka mankhwala.

"Ankolo ako akuti akufuna zowerengera. Ukawapatse izi."

Munali nyemba za kholophethe, zamawangamawanga, zimene amayi amachita kubwera nazo m'sutikesi akapita kumudzi, n'kumaphika pa Khirisimasi pokha. Ndinalandira ndi manja awiri, misozi ili pafupi, poganiza kuti ndi njira yawo yondiuza kuti ali nane. Maola awiri ndi theka kabotolo kanali pampando pambali panga. Ndinakapereka kwa ankolo ndi manja awirinso. Sindinatsegule. Ife tinaleredwa choncho: wamkulu akakutuma kukapereka chinthu, suima panjira n'kumasuzumiramo.

Ankolo anandiphunzitsa, zimenezo sindikana. Tsiku loyamba anandiyang'ana ndikusambira ulendo umodzi, ali pa mpando wa pulasitiki atavala jekete, kenako anafunsa, "Kodi madziwa akulakwira chiyani? Ukuwamenyatu ngati akulanda mwamuna."

Anandigonetsa chammbali. Dzanja lapamwamba likoke, lapansi litsatire, upume, miyendo itseguke n'kutsekeka ngati sizasi, kenako uwongoke ngati nsungwi, ungotsetsereka.

"Liwiro lili pa kutsetsereka, osati pa ukali. Iwe vuto lako sudziwa kudikira."

Anandiphunzitsa kuima njii m'madzi ozama ndi miyendo yokha, njerwa ili pamwamba pa mutu, iwo akundifunsa mayina a maboma onse a m'Malawi kuti aone ngati mpweya ndikadali nawo. Tsiku lina anandiveka yunifolomu yawo yakale ndi jombo, n'kundikankhira kozama osandichenjeza. Nditatulutsa mutu anakuwa kuti ndivule jombo, ndivule buluku ndili m'madzi momwemo, ndimange mfundo kumapazi kwake, ndiligwire m'chiuno n'kuliponya kuchokera kumsana kudutsa pamutu kuti limeze mpweya. Kawiri linangondikuta kumaso. Kachitatu miyendo ya buluku inafufuma, ndinalowetsa khosi pakati, n'kuyandama ngati munthu wakhala pa sofa.

"Uzilithira madzi!" anakuwa. "Buluku likauma limataya mpweya. Ukhoza kukhala choncho tsiku lonse mpaka akupeze."

Tsiku limenelo ndinabwerera ku South Bend ndikuimba njira yonse.

Pomaliza penipeni, Lamulungu lililonse, pankabwera mayadi 500 aja. Ankolo ankakhuthulira nyemba m'dzanja lamanzere. Ndikagunda khoma, nyemba imodzi inkagwera m'kabotolo. Dzanja likatha, wenzulo. Novembala, mphindi 17. Januwale, 15. Ndiulule chinthu: pakhoma panali wotchi yaikulu, ndipo ndinkaiyang'ana mwakabisira poyamba ndi pomaliza, ndikuchita manyazi kuti ndikukayikira munthu wamkulu. Nthawi zonse inkagwirizana ndi ya ankolo. Wotchi sinaname ngakhale kamodzi.

Kuwerenga maulendo uli m'madzi n'kovuta, chifukwa m'mutu mumakhala kale kuwerenga kwina: koka, puma, menya, tsetsereka. Pofika pa 11 kapena 12 manambala amasungunuka. Koma tsiku lina mu Febuluwale ndinalimbikira. Ndinawerenga mpaka 20, n'kugwira khoma, n'kuima.

"Waima chifukwa chiyani?"

"Ndamaliza, ankolo."

Anawerama n'kutambasula dzanja pamaso panga. Nyemba zinayi.

"Mutu ukatopa umanama, mwanawe. Panyanja munthu amaona mtunda pomwe palibe mtunda. Ntchito yako ndi kusambira, yowerenga ndi yanga. Bwerera!"

Ndinapepesa. Ndikakumbukira zimenezi mano amachita kulumana okha. Ndinapepesa, ndikutsokomola madzi, n'kubwereranso.

Lamulungu lomaliza la Malichi ndinasambira mpaka kusanza m'ngalande ya m'mbali mwa dziwe. Mphindi 13 ndi masekondi 12. Ankolo anandionetsa wotchi. Ndinakhala m'galimoto tsitsi likudontha, n'kulembera a Dixon uthenga woti malo aja apereke kwa mnyamata wa ku Elkhart. Kunyumba amayi anandikumbatira n'kunena kuti Mulungu ali ndi njira zake. Mlungu womwewo anandigulira nsapato zoyera za anamwino. Fomu ya sukulu inabwera, yofunika kubwezedwa pakati pa Meyi. Inakhala pa tebulo milungu, cholembera chili pamwamba, koma ndinkadziwa kuti ndisayina. Ndinali nditagwada pamaso pa anthu.

Kutatsala tsiku limodzi kuti fomu ibwezedwe, ndinanyamuka m'mawa kukabweza katundu wa ankolo: yunifolomu, jombo, njerwa. Chikwama chimene munali zinthuzi ndinali ndisanachitsegule chichokereni ku dziwe. Pa Kokomo ndinaima kuti ndithire mafuta, ndipo posuntha chikwama kabotolo kanagwa m'thumba lam'mbali, chivindikiro n'kuchoka, nyemba mbwee pampando. Ku hotela matawulo timasanja asanuasanu, manja anga anazolowera choncho. Ndinatola zisanu, zisanu, zisanu, zisanu. Ndinayang'ana pampando. Panali zina zinayi.

Ndinawerenga katatu. Bambo wa thiraki kumbuyo kwanga anaimba hutala mpaka kutopa.

Sindinalunjike ku galaja. Ndinakhotera ku Speedway, kumene magalimoto ampikisano anali akuyeserera, phokoso lake likunjenjemeretsa mawindo a tauni yonse. Mnzawo wa ankolo kunalibe. Pa mpando wautali panali mayi wina wachizungu wa imvi, woyang'anira osambira. Ndinamupempha kuti andiwerengere maulendo 20 mokweza, nambala iliyonse ndiimve ndi makutu anga. Ndinalowa ndi kabudula ndi tisheti, milungu isanu ndi umodzi ndisanakhudze madzi. Pa 20 ndinagwira khoma mikono ikadali ndi mphamvu, thupi likudikira maulendo ena anayi.

"Mphindi 11 ndi masekondi 20," anatero mayiyo. "Umasambirira timu yanji, mwanangu?"

Ndinatuluka osadzipukuta n'komwe. Ndi mmene ndinafikira m'galaja muja, tisheti ikudontha pa simenti ya ankolo.

"Leveni twente, ankolo. Osatirena milungu sikisi, ndi tisheti. Mu Malichi ndinali pa leveni ndendende, ndawerengera. Mu Febuluwale, tsiku lija munandionetsa dzanja, ndinali nditapasa kale. Munandiyang'ana m'maso n'kundiuza kuti mutu wanga ukunama!"

"Khala pansi."

"Sindikhala."

"Ndiye ima, koma tsitsa mawu. Msomaliyu aziganiza kuti ndakubera galimoto."

"Bola galimoto! Galimoto ndi zambiri mu Indiana muno."

Anaimirira pang'onopang'ono, bondo likulira, natsamira galimoto ija.

"Tandiuza, Tuse. Pa zonse zimene ndinakuphunzitsa, chabodza n'chiti? Buluku lija silinayandame? Lero atakuponya pakati pa nyanja ya Michigan ndi jombo, ungafe? Sungafe. Ndipo maulendo anayi ukulirirawo ndi amene akupatsa mapapo uli nawowa. Wina bwenzi akundithokoza."

"Ndikuthokozeni? Mundithyole mwendo, kenako muzindionetsa mmene winawu walimbira?"

Anaseka pang'ono, kuseka kotulukira m'mphuno. "Pakamwa pa amayi ako penipeni."

"Amayi musawatchule! Amayi anakukhulupirirani ngati mmene ndinachitira ine. Anakupatsani nyemba zawo za kumudzi, inu n'kuonjezerapo zanu."

Ankolo anatola imodzi mwa zinayi zija, natolanso ina pa kamulu koyamba, n'kuziika pamodzi pa chikhatho chakuda ndi oyilo.

"Zanga ziti? Tayang'ana bwino. Kwathu kuno timadya za m'chitini. Kholophethe ndingamupeze kuti mu Indianapolis muno?"

Ndinayang'ana. Mawanga ake anali amodzimodzi. Zonse pa boneti paja zinali za thumba limodzi, ndipo thumbalo ndimadziwa pamene limakhala, pamwamba pa filiji kwathu, m'chitini cha mabisiketi. Panjira yonse kuchokera pa Kokomo mutu wanga unali utakana kufika pamenepo.

"Tsiku loyamba lija," anatero ankolo, "iwe uli kosinthira zovala, ndinakhuthula m'dzanja kuti ndione. Ine ndine msilikali, sindilandira zipolopolo osawerenga. Ndinapeza twente folo. Ndinayesa achemwali alakwitsa, ndiye ndinaimba foni."

"Anati chiyani?"

"Zimenezo ukawafunse eni ake."

"Ndikufunsa inu! Dzanja linali lanu. Mukanachotsa zinayi n'kuponya m'bini, akanadziwa ndani?"

"Ukanapasa, ndiye aliyense akanadziwa." Anakhala pa mulu wa matayala. Kutali magalimoto a ku Speedway anali akulirabe. "Ine ndinakhalapo m'nyumba mwanu zaka ziwiri nditangofika kuno. Ndawaonapo amayi ako akubwera ku shifiti atasambitsa mnyamata wa zaka 26 wopanda nsagwada, n'kukhala m'galimoto panja ola lathunthu, injini yozima, osatha kutuluka. Munthu ameneyo akulira pa foni, ine ndikanati chiyani? Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako. Akabwera m'bokosi, anthu safunsa a Dixon. Amafunsa malume."

"Ndiye munasankha kuti ndizidziona wolephera."

"Ndinasankha kuti uzidana nane uli moyo."

"Ndani anakupatsani kuti musankhe? Tinagwirizana kuti wotchi. Munalipo. Munagwira dzanja la a Edmond."

Anakanda ndevu ndi kumbuyo kwa dzanja. "Kabotolo aka miyezi isanu kankakhala m'thumba la jekete langa, pamtima apa. Ukuganiza kuti m'chikwama chako kanalowa kokha?"

Ndinaima kaye.

"Munakaikamo dala."

"Ndinkayesa utsegula tsiku lomwelo. Ndinadikira foni mlungu wonse. Ndinaiwala kuti iwe ukakwiya sutsegula zikwama."

Mwina ankayembekeza kuti mtima wanga utsika. M'malo mwake magazi anakwera mpaka m'makutu.

"Tsiku lomwelo ndinalembera a Dixon inu muli pa windo la galimoto, mukundiona ndikudina foni! Pakamwa munali napo. Mawu atatu okha: Tuse, werenga nyemba. Msilikali wa zaka 12, wodumphira m'madzi ndi mfuti kumsana, kuopa mawu atatu, n'kutuma kabotolo! Kenako lero mukufuna ndione kuti ndinu abwino?"

Mayi wa buledi anasuzumira pakhomo n'kubwereranso. Ankolo anangoyang'ana jombo zawo.

Ndinapita ku galimoto, n'kubweretsa chikwama, n'kukhuthula zonse pansi. Njerwa inagunda simenti.

"Yunifolomuyo tenga," anatero chapansipansi. "Buluku limenelo limagwira mpweya bwino. Sudzalipeza lotero m'shopu."

Sindinaitole. Ndinatola nyemba zanga, imodziimodzi, ndikutchula nambala mokweza, kuyambira wani mpaka twente folo, iwo akumva. Tsiku limenelo linali loyamba m'moyo wanga kuwerenga chinthu pamaso pa munthu wamkulu amene wandipatsa.

Msewu wa 31 ndi wowongoka, minda yongodzalidwa kumene mbali zonse, ndipo munthu ulibe chochita koma kuganiza. Pa Kokomo ndinaimanso n'kulembera a Dixon. Anayankha msanga ngakhale linali Lamulungu. Mnyamata wa ku Elkhart anasayina kale mu Epulo, akunyamuka mu Juni. Malo ena mwina Novembala, mwina chaka chamawa, sangalonjeze. Anafunsa kuti zatheka bwanji kudula mphindi ziwiri m'milungu isanu ndi umodzi. Ndinaika foni pampando n'kuliza galimoto.

Chimene chinkandidya chinali pangano. Ndikakana kusayina osanena chifukwa, tchalitchi chonse chidzati mwana wa a Flora anagwada n'kunama. Ndikanena chifukwa, ndawavula amayi anga pamaso pa azimayi amene amaimba nawo kwaya. Ndikasayina, ndiye kuti moyo wanga wonse waweruzidwa ndi nyemba zinayi. Ndipo pansi pa zonsezo panali kanthu kena kopusa: ndinkafunabe kuti pakhale polakwika. Mwina maso a amayi. Mwina anawerenga akuthamangira ku ntchito. Mwina ankolo akudziyeretsa.

Ndinafika 4 koloko itangodutsa. Amayi anali pabalaza akusita yunifolomu ya shifiti yamadzulo, foni ili pa windo ikuimba nyimbo za kwaya. Fomu inali pa tebulo pamalo pake, cholembera pamwamba, envulopu pambali atailemba kale adiresi. Bokosi la nsapato zoyera linali pansi pa mpando.

"Wabwera msanga. Ankolo ako ali bwanji? Iii, nanga tsitsi lanyowa chonchi, walowanso m'madzi? Udwalatu. Fomu ija ndi mawa, usaiwale."

Ndinachotsa cholembera. Ndinatsegula kabotolo n'kukhuthulira nyemba pa fomu, pamzere woti ndisayinepo. Zisanu. Zisanu. Zisanu. Zisanu. Zinayi zija ndinazikankhira kumapeto kwa tebulo, mbali imene amayi anaima.

Simbi inaima pamalo amodzi. Nyimbo inatha, ina n'kuyamba. Kenako ndinamva fungo.

"Amayi, mukutentha kolala."

Ananyamula simbi n'kuiimika. Pa kolala panali chizindikiro chofiirira. Anachipukuta ndi chala ngati chichoka.

"Nyemba zanga zikutani pa fomu ya sukulu?"

"Zabwerera kwawo. Ankolo akuti iwo amadya za m'chitini."

Anazula simbi kumagetsi. Anakulunga chingwe mosamala, kuzunguliza, kuzunguliza. Anavala yunifolomu yopserera yomweyo pamwamba pa bulauzi, natenga makiyi ndi chikwama cha chakudya.

"Ndachedwa, Tusekele. Anthu akudikira mankhwala. Tikambirana ndikabwera."

Ndinaima pakhomo. Sindinayambe ndawatsekerapo njira amayi anga.

"Choka pakhomopo."

"Lero ndasambira leveni twente. Wandiwerengera ndi mzungu wosandidziwa."

"Ndati choka. Ndinakubereka ine."

"Munandibereka, eya. Mukanandiletsa. Mukanaima pamaso pa a Edmond n'kunena kuti mwana wanga sapita, kaya asambire ngati nsomba. Ndikanalira, ndikanamenya zitseko, koma ndikanadziwa kuti wandiletsa ndi mayi anga. Inu munandisiya ndigwade. Munati ameni. Munandipatsa kabotolo ndinyamule ndekha, ndi manja awiri, ine n'kumalira m'galimoto kuti amayi anga ali nane. Ndinasanza m'dziwe muja. Ndinabwera pano n'kukuuzani kuti ndalephera, inu n'kundikumbatira, n'kunena kuti ndi Mulungu."

Amayi anayang'ana wotchi ya pakhoma. Makiyi anali akulira m'dzanja mwawo.

"Fomu iyi sindisayina, sindiing'ambanso, mpaka ndimve ndi pakamwa panu. Sabata likubwerali a Edmond adzandifunsa ngati ndasunga pangano, ndipo chimene ndikawayankhe chichokera pa zimene munene panopa. Ankolo atakuimbirani foni tsiku lija, munawauza chiyani? Musayang'ane wotchi, amayi, yang'anani ine. M'kabotolo umu munaikamo zingati? Ndiyankheni!"